Mizu ya ku China ndi Bulawuzi ya Ankhazi

Mpaka lero ndikapita kwa Kapichila, amayi achikulire a m'mudzi wa akazi anga sanditchula dzina langa. Amati "a Ndopa afika", kenako n'kubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ana anga ali aang'ono ankayesa kuti ndi chiwongo changa. Ndopa m'Chitumbuka ndi magazi, ndipo mmene ndinapezera dzinali si nkhani yoti bambo wa imvi n'kumaifotokoza atakhala bwinobwino pampando. Koma amene ankaikometsa poinena ambiri anatisiya, ndipo ndimawasowa, tsono ndiloleni ndiinene ndekha.

Zinali zaka zija titangotuluka m'njala ya chimanga chachikasu. Ine ndinali telala pakhonde la sitolo ina pa boma la Lundazi, ndi makina anga opalasa ndi phazi. Zovala za salaula, zovalidwa kale zochokera kunja, zinali zitayamba kutilanda anthu, koma mayunifomu a sukulu ndi mabulawuzi a amayi a mpingo ankatidyetsabe. Tsiku lonse kaseti ya rumba inkalira m'sitolomo, malole a fodya n'kumatiwaza fumbi, ife n'kumaseka anthu odutsa. Sindinadziwe kuti ndinali pa mtendere.

Vuto langa linali limodzi: ndinali woonda. Sikunali kuonda kwa njala ija ayi, ndinabadwa choncho. Lamba aliyense amene ndinkagula ndinkachita kuboolanso ndekha ndi msomali, ndipo anzanga ankanditchula Singano. Koma masiku amenewo kuonda sikunali koseketsa. Anthu ankabwera kuchokera ku migodi ndi ku Lusaka thupi litatha, pakapita miyezi ingapo n'kumva kulira kumudzi kwawo. Matendawo sitinkawatchula dzina. Pa wailesi ankati amapha asilikali a m'thupi, ndipo munthu woonda anthu ankamupatsa moni akumuyang'ana m'khosi.

Wezi ndinamudziwa atabweretsa diresi yoti ndiikemo zipi. Ankachokera kwa Kapichila, ankagulitsa mtedza pamsika, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. Zipiyo ndinaisoka pang'onopang'ono kwambiri moti anabwera kangapo kudzaifunsa (telala aliyense amaidziwa njira imeneyi, asakunamizeni). Bambo ake anali atamwalira, choncho mawu omaliza pa za ukwati wake anali ndi mlongo wa bambo akewo, amene aliyense ankangowatchula kuti Ankhazi.

Kwawo kwa Wezi mwamuna sadzinenera yekha, amatuma thenga. Woyenera kupita anali amalume anga a kwa Chikomeni, amene anthu ankawatchula kuti a Njanji. Ali mnyamata anagwira ntchito ndi Matchaina pomanga njanji ya ku Mpika, ndipo atabwerera kudzalima fodya, njanjiyo anabwera nayo pakamwa. Ukawafunsa za mvula, yankho linkadutsira ku Mpika. Pamaliro ankapereka moni wa Chitchaina. Ndinaganiza kuti akakayamba zimenezo pamaso pa Ankhazi ukwati wanga uthera pa siteshoni, tsono ndinatuma Boni, mnzanga wogulitsa m'sitolo muja. Boni anakulira ku Lusaka, anali ndi suti ndi nsapato zosongoka, ndipo anandilumbirira kuti Chitumbuka anachiyamwira kwa agogo ake.

Anabwerako nkhope itagwa. Anakhala pa benchi yanga, n'kuvula nsapato imodzi, n'kuyamba kuikuntha fumbi osandiyang'ana.

"Mwana, vinthu sivili bwino," anatero. "Bananilandila mushe, banipasa na nshaba. Manje ba anti baja baniyangana, bayangana kumbuyo kwanga monga kuli winangu, basi bakamba ati iwe ulibe magazi."

"Magazi?"

"Ndopa, mwana. Ndopa niiziba, ni magazi. Walije ndopa. Bakamba kabili, nanvela na matu yanga."

Boni atalowa m'sitolo ndinapita pa galasi limene makasitomala ankadziyang'anira, n'kukoka chikope cha m'munsi monga amachitira anamwino. Chinali choyera. Kapena chinali chofiira bwinobwino, sindikudziwa, chifukwa munthu wamantha amaona zimene akuopa. Ndinamva bwino zimene Ankhazi ankatanthauza, kapena ndinkati ndamva: telalayu ngodwala, mwana wathu asakhale wamasiye asanatope n'kuvina. Ndinachita mantha enieni. Kumufunsa Wezi ndinaopa, poti mwina akananena zomwezo. Kuchipatala ndinaopanso, chifukwa ukangoonedwa pamzere woyezetsa magazi, pofika madzulo msika wonse unkakhala utakuika kale m'manda.

Ndiye ndinakwera njinga kupita kwa Chikomeni, kwa amalume omwe aja ndinawalambalala. Za ukwati sindinatchule. Ndinangoti makina akundifooketsa.

A Njanji anasangalala ngati ndawabweretsera mphatso. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi chomanga ndi mphira. Anali akupitabe ku Mpika kukaona anzawo akale, ndipo dokotala wina wa ku China wa kumeneko ankawagawira mizu. Munali mitundu iwiri. Wina unali wachikasu, wodula mopyapyala ngati zipalapala za kwa kalipentala, ukautafuna wotsekemera pang'ono. Wina unali wofiirira, wonunkha moti galu amene anagona pafupi nafe anadzuka n'kusamuka.

"Uyu wachikasu ni hwangichi," anatero akuunyamula m'mwamba. "Uyu ndiye adyetsa asilikali a m'thupi, kuti matenda akabwela apeze geti yotseka. Uyu wonunkha ni dangwi, ndiye apanga magazi. Manje tamvela bwino, muphwa. Asanu achikasu, umodzi wonunkha. Matchaina akuti magazi sayenda okha, afunika mphamvu yowakoka. Wachikasu ni injini, wonunkha ni bogi. Uphike na nkhuku, umwe kakapu kamodzi patsiku, osapitilila. Akazi anga atabala mapasa anayela monga pepala, aka ndiye kanawathandiza kuimilila."

Akumanga mizuyo m'nyuzi anandiyang'ana cham'mbali. "Nanga iwe ukwatila liti? Ine nikalamba, nifuna nikakukambile nikali na mano."

"Sininaganizepo, amalume," ndinatero.

Pobwerera, njinga ikugunda m'mabampu, nzeru zanga zinayamba kugwira ntchito, ndipo apa ndi pamene zinthu zinapotokera. Ndinati, mphamvu ndili nazo, ndimapalasa makina tsiku lonse. Asilikali sanatchulidwe. Ankhazi afunsa magazi. Komanso sitima ndinaionapo pa chithunzi: injini imakhala imodzi, mabogi ambirimbiri. Ndinatsimikiza kuti amalume ukalamba wawasokoneza, anena chotembenuza. Nditafika ndinaika asanu onunkha, umodzi wachikasu. Nkhuku ndinaisiya, poti si nkhuku imene inali ndi mankhwala. Kakapu kaja ndinakaona kuti n'ka anthu opanda changu, ine ndinadzaza botolo la sikwashi n'kuliika pansi pa makina, ndikumamwa ngati tiyi.

Choyamba kubwera linali fungo. Linali pakati pa fungo la m'chipatala ndi la khola la mbuzi mvula itagwa, ndipo silinathere m'botolo ayi, linayamba kutuluka m'thukuta langa n'kulowa mu nsalu za anthu. Mayi wina anabweza diresi ataigwira ndi zala ziwiri.

"A telala, amuna anga afunsa kuti nayamba liti kuyenda kwa ng'anga. Muichape, kapena mubwele mukawafotokozele mweka."

Kenako m'mimba munatseguka. Njira yochokera pakhonde langa kupita kuchimbudzi cha kuseri kwa msika ndinaidziwa mwala uliwonse, ndipo amayi ogulitsa tomato ankandiona ndikudutsa, ndikubwerera, ndikudutsanso. Pambuyo pake m'mikono ndi m'khosi, monse mmene dzuwa linkawomba, munatuluka totupa toyabwa. Tsono taganizani: munthu woonda kale, wotsegula m'mimba, wa zidzolo, m'zaka zimenezo. Palibe anandinena. Anthu anayamba kundikomera mtima, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa kuposa miseche. Amayi a tomato ankandiwonjezera mbasela osapempha. Mkulu wa mpingo wina amene sanandipatsepo moni anaima n'kundifunsa ngati ndimapemphera. Mwini sitolo anandipatula kapu yangayanga ya madzi, n'kuimanga kachingwe kuti isasokonezeke ndi zina. Kapu ija inandiwawa mumtima, mpaka pano ndikuiona.

Munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinati mankhwala akuchotsa magazi akale kuti atsopano apeze malo, ndipo ndinayamba kudzaza botolo lija kawiri.

M'kati mwa zimenezi Wezi anabwera ndi nsalu yoyera, ndi bulawuzi yakale ya Ankhazi yoti ndiyezerepo. Kunali kukubwera msonkhano waukulu wa amayi a mpingo, ndipo ankafuna yatsopano.

"Mwangokhala zii bwanji?" anandifunsa. "Ankhazi akali kuyembekeza."

Ine ndinamva kuti akuyembekeza kuti ndinenepe.

"Mukawauze kuti vonse vili mu njila," ndinayankha.

Ananunkhiza m'mwamba, n'kukwinya mphuno. "Chinunkha n'chiyani pano?"

"Mafuta a makina. Atsopano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso osati m'khosi, n'kunyamuka. Bulawuziyo ndinaisoka ndi mtima wanga wonse, mabowo a mabatani ndi manja, ndipo ndinaganiza zokaipereka ndekha. Mkamwini sangapite kukadzinenera, koma telala angathe kukapereka chovala. Ankhazi akaone okha kuti ndasintha.

Poti thupi linali litakana, ndinaliwonjezera ndi luso langa. Ndinagula jekete ya salaula, ya ubweya, ya kumaiko ozizira, n'kuisoka thonje ndi zidutswa za nsalu m'mapewa, pachifuwa mpaka m'mbali. Mathalauza ndinavala awiri. Nditaima pa galasi ndinaoneka ngati wankhonya amene wabwereka mutu wa munthu wina. Boni anati, "Manje ndiye waoneka munthu." (Ndinali ndisanaphunzirebe kusamvera Boni.) Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndisananyamuke ndinagugudiza botolo lonse kuti zikope zikafike zili zofiira.

Ankhazi ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa. Anali mayi wamfupi, wa manja olimba, wa maso osathawa munthu. Ndinatsika njinga patali, mutu ukugunda ngati ng'oma, thukuta likutsikira m'nsapato, n'kunjuta mwaulemu.

"Monile, Ankhazi."

"Yewo. Muli uli, a telala?"

"Nili makola," ndinatero ndi mawu amene ndinayesetsa kuwanenepetsa.

Anasamba m'manja, n'kufunyulula bulawuzi ija pamiyendo pawo. Anaitembenuza, anakoka msoko kuti aone ngati ungalimbe, anagwedeza mutu movomereza. Kenako anandikodola kuti ndiyandikire, akuloza bowo la batani kuti andifunse mmene ndinalisokera. Ndinasendera, n'kuwerama.

Dontho loyamba linagwera pachifuwa cha bulawuzi, chakumanzere. Lachiwiri linatsatira pomwepo. Mphuno yanga inali itatseguka ngati mpopi.

Pamenepa munthu aliyense woleredwa bwino akanagwira mphuno n'kupepesa. Koma ine nditaona kufiira kuja pa nsalu yoyera, mtima wanga unadzaza chimwemwe chimene sindinachimveponso, ngakhale pa tsiku la ukwati. Ndinaimirira, n'kutchera dzanja pansi pa mphuno, n'kuwatambasulira Ankhazi, ndikufuula m'Chitumbuka changa cha pamsika:

"Ankhazi, ndopa izi! Wonani! Zilipo, zinandi!"

"Chiuta wane!" anakuwa Ankhazi. "Wezi! Zanga kuno na maji!"

Zotsatira zake ndimazikumbukira mwa apo ndi apo. Dziko linapendekeka, ndinapezeka ndakhala pansi. Wina anandithira madzi kumutu. Amayi awiri a nyumba zoyandikana anagwira jekete lija uku ndi uku kuti andivule ndipume, msoko n'kuphulika, chifuwa changa chonse n'kugwera pabwalo. Thonje linauluka, zidutswa za mayunifomu a sukulu zinamwazika, nkhuku zinathamangira kudzatola. Pakati pa zonsezo panatsala ine, Singano, wonyowa, wonunkha, kansanza kali m'mphuno.

Anthu atabwerera m'mbuyo, Ankhazi anakhalanso pamphasa, bulawuzi ili m'manja. Anasiya Chitumbuka n'kuyamba Chinyanja, pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana.

"Anakuuza ndani kuti ulibe magazi?"

"Thenga wanga. Anati munakamba kuti walije ndopa."

Wezi anatula ndowa, n'kukhala pansi pomwepo, mapewa akugwedezeka. Ankhazi sanaseke.

"Ine ninati, 'Kasi munthu uyu walije wa ndopa zake?' Wa. Wa magazi ako. M'bale wako. Unanitumila munthu wa suti. Namufunsa dzina la amayi ako, sadziwa. Namufunsa mudzi wako, akuti ni kufupi na boma."

Kamawu kamodzi kameneko, ka zilembo ziwiri, Boni anakataya panjira, ine n'kutsala pang'ono kudzipha nako.

"Mwana wanga woyamba," anapitiriza Ankhazi, "anakwatiwa ku migodi na mwamuna wonenepa bwino, wa masaya. Nayenso anatuma mnzake wa suti, ife tinavomela. Pamene mwana wanga anadwala, mwamuna anasowa. Sitinadziwe khomo logogoda, panalibe wotitumila mawu. Tinamva mochedwa." Anasisita banga la magazi lija ndi chala. "Kuonda kwako nilibe nako kanthu. Matenda agwila woonda na wonenepa yemwe. Ine nifuna kudziwa kuti tsiku loipa likabwela, Wezi azathamangila kwa ndani."

Ndinachita manyazi, koma kuposa manyaziwo ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawakonda kuyambira tsiku limenelo. Ndinafuna kunena mawu ena aulemu. Iwo anandidula.

"Manje bulawuzi yanga?"

Wezi ndiye anandikokera kuchipatala, masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuima nane pamzere uja ndinkauopa. Anakakamira kuti tiyezetse tonse awiri, ngakhale za matenda aja osatchula dzina. Wachipatala ananunkhiza mizu yanga n'kubweza mutu. Anati saidziwa, sangainyoze kapena kuiyamikira, koma chilichonse chimene ndikumwa m'botolo la sikwashi ndisiye lero lomwe. Zotsatira zitabwera, magazi anga anali okwanira ndiponso abwino. Mwina anali choncho kuyambira kale. Nditangosiya, m'mimba munatseka, zidzolo zinauma, ndipo kapu ija ya chingwe inabwerera mwakachetechete pakati pa zinzake.

Chovuta chinatsala n'kukawauza amalume. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, zimene sanachitepo chibadwire. Kenako anavula kapusi yawo ya ku njanji n'kuiyang'ana mkati.

"Muphwa," anatero, "unabwela kuno kuzafuna magazi, watenga mizu, magazi wawasiya pampando?"

Mwamwayi anakumbukira za muyezo uja, mkwiyo n'kuwadzutsa.

"Asanu onunkha! Ninakamba bwanji ine?"

"Ninaganiza kuti sitima ikhala na injini imodzi, mabogi ambili."

"Pa chigwa! Munthu wofooka ni sitima yokwela phili, afunika mainjini. Iwe unamangilila mabogi okhaokha, ndiye chifukwa chake vinatsetseleka vonse kupita pansi."

Anapita kwa Kapichila atavala kapusi yomweyo. Ine ndinatsala pakhonde langa ndikusoka mokhota, poganiza za moni wa Chitchaina. Wezi anadzandiuza kuti amalume anayamba ndi mayina a amayi anga, agogo anga, mudzi wathu ndi manda athu, n'kudutsira ku Mpika monga mwa masiku onse, ndipo Ankhazi anaseka mpaka kupukuta misozi. Potsazikana amalume ankati "sheshe", zikomo wa Chitchaina, Ankhazi n'kumati "yewo". Chimene ndinkachibisa chija ndicho chinanditsegulira khomo.

Banga la pa bulawuzi silinathe kwenikweni. Ndinati ndisoke ina, Ankhazi anakana, anati ndingosokapo kathumba pamwamba pake. Anaivala mpaka imfa yawo, bulawuzi yokhayo ya thumba mu mpingo wonse, ndipo aliyense wofunsa za thumbalo ankalandira nkhani yonse, ndi nkhuku zomwe.

Mizu yachikasu inatsala yambiri, poti ine sindinkaigwiritsa ntchito. Wezi atabereka mwana wathu woyamba, wamkazi, anataya magazi ambiri, ndipo ndinadziwa mantha amene Ankhazi ankanena. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi a magazi. Tisanatume ndi mawu omwe, a Njanji anatulukira pa njinga, chitini chija kumbuyo, nkhuku ikulendewera pa handulo. Anayeza okha, asanu achikasu, umodzi wonunkha, ndipo ine sanandilole ngakhale kusonkhezera moto. Kaya anali mapiritsi, kaya mizu, kaya nkhuku, ine sindikudziwa ndipo sindinganamize munthu. Chimene ndinaona n'chakuti Wezi anadzuka, ndipo amalume anakhala nafe mpaka atayamba kusekanso ndi thupi lonse.

A Njanji anapita, Ankhazi anapita, Boni nayenso matenda aja anamutenga asanakwanitse n'zaka makumi anayi, ndi suti yake yomwe tinamuveka. Khonde lija pano amagulitsirapo mafoni. Ine ndikadali woonda, ndipo ndikadutsa pa galasi popanda wondiona ndimakokabe chikope.

Chaka chatha mwana wathu uja anapeza mnyamata wa ku Lusaka. Mnyamatayo anatuma mnzake wa kuntchito, wa galimoto yowala, waulemu wake ndithu. Ali mkati molankhula ndinapezeka ndikusuzumira kumbuyo kwake ngati kuli wina. Ndinamufunsa kuti, "Kodi mnzanuyu alibe wa magazi ake?" Wezi anatsamwa ndi tiyi n'kuthawira kukhitchini. Ine "wa" uja ndinamutchula kawiri, mokweza, mpaka mlendoyo anadzidzimuka. Tsono ngati mnyamatayo akumwa chinachake m'botolo pakali pano, ine ndilibe mlandu.